Akazi Anayi a Bambo Tokuji

Mvumbi unayamba m'mawa ku Kanazawa ndipo sunafune kukata. A Tokuji, amene anaferedwa mkazi zaka zinayi zapitazo, anali pamkeka ndi kamakina kamene mwana wawo anawasiyira, akusewera masewera aja osankha bwenzi pakati pa akazi ojambulidwa. Atamva mawu a mlamu wawo Fumie, mchemwali wa malemu mkazi wawo, pakhomo, anakakankhira kamakinako pansi pa khushoni.

"Alamu, zatheka!" anatero a Fumie, akuika chithunzi pathebulo. "Mayi Terao avomera kuonana nanu. Lamlungu."

"Lamlungu ayi."

"Chifukwa?"

"Ndinalonjeza Kotone. Tikukaonera makombola kumtsinje."

A Fumie anaiwala kuvula chikhoti. "Kotone wa kwa yani?"

"Wa ku laibulale. Salankhulalankhula."

"Ndiye mwapezanadi. Makolo ake munawaona?"

"Sanatulukirebe."

"Kutulukira? Amakhala kuuna? Ine ndayenda mpaka nsapato kutha kukufunirani mkazi, inu muli naye kale mmodzi!"

"Anayi."

"Mayo!"

"Wina Ranko. Amanditchula chitsiru."

"Pamaso panu?"

"Ndi ambulera amandimenyanso. Akatero amandipatsa kabokosi ka mpunga, amati waphika wambiri mwangozi."

"Inu n'kulandira?"

"Amaika dzira pamwamba."

A Fumie anakhala pansi mwamphamvu. "Wachitatu?"

"Mei, wa nyumba yoyandikana nayo. Amalowera pawindo kudzandidzutsa."

"Alamu, woyandikana nanu ndi bambo Sakai opuma ntchito kunjanji aja. Ali ndi ndodo ziwiri!"

"Osati amenewo."

"Tsono windo lanu la m'mwamba, amakwera ndi chiyani?"

"Sindinafunse."

"Simunafunse! Mchemwali wanga akanamva izi akanadzuka. Tiyeni, womaliza."

"Okon. Masana ndi munthu, koma kwenikweni ndi nkhandwe ya kukachisi. Ali ndi zaka mazana asanu ndi atatu."

A Fumie analingalira kaye. "Ameneyo ayi. Ife tikufuna wokusamalani inu, osati inu muzimutafunira chakudya."

Pomwepo pansi pa khushoni panamveka kachifuwa, kakang'ono, kaulemu. A Tokuji anatsokomola kuti abise, koma mochedwa. A Fumie anasolola kamakinako, navala magalasi. Pagalasi la kamakinako panali mayi wamaso aakulu ngati mbale, atagwira kampango pakamwa.

"Uyu ndiye Kotone?"

"Ndi chojambula chabe, alamu."

"Ndili ndi maso, ndikuona kuti ndi chojambula. Wayamba liti kutsokomola?"

"Lachitatu. Akuti si kanthu."

"Onse amatero." Anadina batani; Kotone anatsokomolanso, nyimbo yachisoni n'kuyamba. "Mwaimva nyimboyo? Ine ndagwira ntchito m'chipatala zaka makumi atatu. Uyu masamba akamayoyoka sadzakhalapo."

"Ndimugulira mankhwala. Pali batani lake."

"Gulani. Koma suti yakuda ija muiyese, mwanenepa."

A Tokuji anamuyang'ana Kotone nthawi yaitali. Kenako anakoka chithunzi chija pathebulo, nachiyandikiza kumaso.

"Mayi Terao amatsokomola?"

"Amakwera phiri Loweruka lililonse. Koma ndikuchenjezeni, pakamwa ndi lumo. Ankatchula mwamuna wawo kuti chitsiru."

"Ambulera ali nayo?"

"Ziwiri."

A Tokuji anazimitsa kamakinako, nanyamuka kukasita malaya a Lamlungu.