Mawaya a M'thumba

Pa benchi ya ku khonsolo, pomwe timadikira chilolezo cha ntchito za magetsi, bambo wina wa thumba lalikulu anakhala pafupi ndi mayi wina.

"Bambo, thumba lanuli likundibaya mwendo. Muli chiyani?"

"Pepani mayi, ndi mawaya a kunyumba kwanga."

"Mwagula kumene?"

"Ayi, ndazula m'khoma. Dzulo anandiuza kuti chilolezo sichituluka mpaka woyendera aone mawaya. Nditafunsa kuti abwera liti, akuti mwina mwezi wamawa. Ndiye ndamubweretsera, aonere pompano."

"Onse?"

"Ndi maswitchi omwe. Ya kubafa yokha ndiyo yakana."

"Nanga mayi a kunyumba ati chiyani?"

"Angoti madzulo babu likapanda kuyaka, ine ndi thumbali tikafune kogona."

"Komatu woyenderayo amafuna kuona mmene mawayawo ayendera m'nyumba."

"Ndiwayala pansi apa. Ndikukumbuka bwino, wofiirawu umadutsa kuseri kwa kabati."

"Kabatiyo mwabwera nayo?"

"Musandiseke, mayi. Nanga inu mwadzera chiyani?"

"Chilolezo chochotsera mawaya akale."

"Kuchotsa kumafunanso chilolezo?"

"Eetu. Alamu anga anazula okha, atawadziwa anawadulira magetsi. Mpaka lero kwawo n'kwa makandulo."

"Mayi, akafunsa munene kuti ndi nthambo zoyanikira zovala."

"Za maswitchi?"

Apo woyendera anatsegula chitseko n'kuitana wotsatira. Bamboyo anakhalira thumba lija, waya wofiira uli lende pakati pa miyendo.