Ine ndi mwana wanga sitidya therere

Ndikupereka moni kwa abusa ndi amayi busa, akulu a mpingo, azimayi, azibambo anzanga, ndi achinyamata muli kumbuyoko. Ambuye alemekezeke! Ayi, mwayankha ngati simunamwe tiyi. Ndati Ambuye alemekezeke!

Ndikufuna kuchitira umboni. Ambiri mumandidziwa, ndine bambo a Tadala, uja wowotcherera mageti ndi mabagalabazi pafupi ndi msika kuno ku Area 23. Ena nkhope yanga simuidziwa, koma mbiri yanga munaimva. Munaimva, musaweramitse mitu. Lero muimva kuchokera kwa mwini wake.

Abale, ine sindidya therere. Ndiyambire pamenepo. Ndipo si therere lokha. Chilichonse choterera, chilichonse chamsuzi, ndiwo zosakanizasakaniza, zikangofika pakamwa panga kukhosi kumatsekeka, m'mimba mumatembenuka. Ndinabadwa choncho. Kwathu ku Dowa bambo anga anandikwapula mpaka kutopa, ati ndine wamatama, ndikudziyesa mwana wa bwana. Mikwapulo sinandiphunzitse kudya, inandiphunzitsa kubisa. Ndiwo ndinkaziika m'thumba la kabudula n'kukazitaya kuseri kwa khola. Nditakula ndinapeza mawu oti ndizibisalamo: ndadya kale. Paukwati, ndadya kale. Pamaliro, ndadya kale. Kunyumba kwanga mayi a Tadala anazolowera. Amandipatsa nsima ndi usipa wokazinga mpaka uume gwa, kapena mtedza, kapena dzira lowiritsa. Ndimakhuta, ndimanyamula zitsulo ngati mwamuna wina aliyense.

Kenako Mulungu anatipatsa Tadala. Mwana wokongola, abale, mwana wokongola. Koma anzake akuyamba kuyankhula, iye ali duu. Ukamuitana satembenuka. Amatha kukhala m'mawa wonse akundandalika zitsekerero za mabotolo kuyambira pakhomo mpaka kuchipinda, ndipo ukasuntha chimodzi walakwa. Atasiya bere anakana zakudya zonse kupatula zitatu: buledi wopanda majarini, mbatata yowotcha, ndi phala loyera losaika kanthu. Madzi amamwera kapu imodzi yokha, yapulasitiki, yabuluu. Ukamupatsa ina, samwa. Ndiwo zikangokhudza mbale yake amakuwa, amadzimenya kumutu. Mayi ake ankalira. Ine ndinkangomuyang'ana, chifukwa nkhope imene ankapanga akaona msuzi ndinkaidziwa. Inali yanga.

Nthawi yomweyo ntchito yanga inayamba kuyenda. Anthu akumanga ku Area 24 uko, mageti akufunika. Ndinagula makina ena, nyumba ndinafolera malata atsopano. Tsono inu mukudziwa m'mene anthu anaphatikizira nkhani. Bambo sadya therere, ndipo paja amati therere limasukulutsa mankhwala. Mwana sayankhula. Bizinesi ikuyenda. Ndiye kuti chiyani? Wakhwima ameneyo. Wapereka nzeru za mwana wake kuti alemere.

Mawu amenewo sanayambire kumowa ayi. Anayambira pa mapemphero a m'makomo a mpingo uno, tsiku limene ndinakana mbale pakhomo pa m'bale wina. Ku sande sukulu ana anayamba kukokedwa dzanja, "Usakhale pafupi ndi ameneyo." Mwana wa zaka zisanu, abale! Abusa, musade nkhawa, dzina la munthu sinditchula. Koma sindinenanso kuti sizinachitike. Zinachitika, ndipo zinachitika muno.

Mbiri ija inakwera minibasi, inakafika ku Njewa kwa apongozi anga. Tsiku lina ndabwera masana kudzadya, nyumba ili zii. Aneba akundiuza kuti, "Kunabwera amalume awo a mayi a Tadala, atenga mayi ndi mwana yemwe." Ndinaimba foni. Mkazi wanga akuyankhula motsitsa mawu: "Bambo a Tadala, amalume akuti mwana atalikirane nanu kaye, aone ngati asinthe. Akuti kuno adya. Njala ikamugwira adya." Ndinafunsa kuti, "Kodi nanunso mwakhulupirira?" Ankangolira.

Azibambo anzanga a kuno kuchigawo chapakati mukudziwa, mkamwini sungangodzuka kukakangana ndi eni mbumba. Ndinapita kwa ankhoswe anga. Iwo anati, "Faitsani mtima, tipita limodzi kumapeto a sabata." Kumapeto a sabata sikunafike. Foni inalira m'mawa ndikuyatsa makina. Mkazi wanga akuti, "Bwerani. Mwana sakudzuka bwino. Ngakhale madzi sakumwa." Ndinathamangira kunyumba, ndinayang'ana pamene timaika mbale. Kapu yabuluu ija ili pomwepo. Anaiiwala pochoka.

Sindinadikirenso ankhoswe. Ndinatenga kapu ija, ndinagula buledi pagolosale, ndinakwera minibasi ndi ovolosi yanga yomwe.

Ndinamupeza atagona pamkeka pakhonde. Abale, mwana wanga! Maso atalowa, milomo itang'ambika, m'kamwa muli mabala a sipuni. Ankamugwira anthu awiri, wina kumutsina mphuno, wina kumuthira phala losakaniza ndi masamba. Iye kusanza, iwo kuthiranso. Sindikunena kuti ndi anthu oipa, ayi. Iwo ankati akumupulumutsa. Koma mwana anali akupita.

Ndisanamugwire n'komwe, amalume aja anati, "Dikirani, akamwini. Khalani pansi." Anali pampando pansi pa mtengo wa mango, abale atawazungulira. Anakodola apongozi anga aakazi, ndipo iwo anabwera ndi mbale n'kuiika patsogolo panga. Therere. Lija la soda, lokokeka ngati ulimbo.

Amalume anati, "Ngati mulibe kanthu m'thupi, idyani tonse tikuona. Mukatha mbale imeneyi, mwana mumutenga."

Ndinayang'ana mbale ija. Fungo lokha, malovu owawa anadzaza m'kamwa. Ndinaganiza kuti ndikadya ndisanza, adzati onani, mankhwala aja akutuluka. Ndikakana adzati onani, akuteteza mankhwala ake. Mlandu anali ataugamula kale ine ndisanakwere minibasi. Ndinapemphera chamumtima, pemphero lalifupi: Yesu, moyo wanga wonse ndakhala ndikunena kuti ndadya kale. Lero ndipatseni mawu ena.

Ndipo anandipatsa. Aleluya! Ndinaimirira. Ndinati, "Amalume, sindinadye kale ayi. Njala ndili nayo. Koma therere ili sindidya. Sindinalidyepo, sindidzalidya. M'thupi mwanga mulibe mphini, ngati mukufuna ndivule malaya pompano muone. Mulungu anandilenga ndi khosi lotere, ndipo mwana uyu watengera ine. Inu mwamukakamiza masiku onsewa. Wadya?"

Ndinapita pa ndowa yawo, ndinatunga madzi ndi kapu yabuluu ija, ndinagwada, ndinaiika pafupi ndi nkhope yake. Sindinamuitane, sindinamugwire. Anatsegula maso, anaona kapu. Anatambasula kadzanja, anaikoka. Ndinamudzutsa pang'ono. Anamwa! Mpingo wa Mulungu, anamwa!

Mukuganiza kuti amalume anagonja? Anadumpha pampando. "Mwaona? Akumwa za bambo ake zokha! Mwaikamo chiyani m'kapumo?"

Ndinati, "Madzi a pachitsime chanu, amalume."

Anati, "Mwana uyu ndi wa mbumba yanga. Simuchoka naye pano."

Ndinati, "Mbumba ndi yanu, sindikukana. Koma ine sindidikira kuti mudzanditumizire uthenga wa maliro. Ndikupita naye kuchipatala. Wofuna kundiletsa abwere andigwire."

Apa ndiye ndikufuna mumvetse, makamaka azimayi. Mkazi wanga anali atakhala pansi kumbuyo kwa mayi ake, mutu uli pansi. Munthu amene chikwatirane sindinamumvepo akuyankha amalume ake. Anaimirira. Anamasula chitenje, anamunyamula Tadala n'kumubereka kumbuyo. Apongozi anga aakazi anati, "Iwe, ukutinyoza pamaso pa mlendo?" Iye anati, "Amayi, amene ndinkamugwira miyendo pamene mumamuthira phala ndine. Ankandiyang'ana. Sindidzachitanso." Ndipo anayamba kuyenda, ine pambuyo ndi kapu ndi buledi. Palibe anatigwira.

Kuchipatala anamugoneka, anamuika dilipi. Adokotala anati tikanachedwa, nkhani ikanakhala ina. Abusa athuwa anabwera kudzationa, atanyamula buledi wopanda kanthu. Sanandifunse za mankhwala, sanandifunse za therere. Anangokhala nafe, anapemphera. Abusa, Mulungu akukumbukireni.

Tadala atatuluka m'chipatala, adokotala anatitumiza kwa mayi wina amene amaona ana amene amakula mosiyana ndi anzawo. Mayi ameneyo sanafulumire. Anakhala pansi pasimenti ndi Tadala, anamupatsa zoseweretsa, ife akutifunsa mafunso. Kenako anatiuza dzina lake la vutoli, lachingerezi, akuti otizimu. Anati si ufiti, si chilango, si kulera molakwika. Ubongo wake umamva zinthu mwa njira yake. Chimene kwa inu ndi msuzi wokoma, kwa iye chimakhala ngati mwamuika matope m'kamwa. Anati ana otere alipo ambiri, kungoti makolo amawatsekera m'nyumba. Ndiye anafunsa kuti, "Kodi kubanja kwanu alipo wina amene amavutika ndi zakudya?" Mkazi wanga anandiloza ndi chala, n'kuphulika kuseka. Kanali koyamba kuseka chichokere ku Njewa. Mayi uja anati akuluakulu otere aliponso, ena ali ndi otizimu, ena alibe, koma si matama. Abale, munthu wa imvi ine, ndinatuluka panja kukalira kuseri kwa galimoto ya eni ake. Si matama! Moyo wanga wonse, panalibe anandiuzapo.

Anatiuza poyera kuti jekeseni wothetsa zimenezi kulibe. Anati musamukakamize, musamunamize. Chakudya chatsopano muziika pang'ono m'kambale kena pambali, osayankhula kanthu. Asiye, asiye. Agwire, agwire. Nsinjiro m'phala muziyamba ndi kansonga ka sipuni.

Ndinaganiza kuti mwana sangachite chimene bambo ake akuthawa. Ndiye tinaika timbale tiwiri, kena kake, kena kanga. Iye nthochi, ine dzungu. Miyezi inapita tikungoyang'anizana ndi timbale tathu. Iye amandiyang'ana m'mbali, ine ndimamuyang'ana m'mbali. Tsiku lina ndinatseka maso, ndinaluma dzungu. Misozi mbwee, koma linatsika. Iye anagwira nthochi yake ndi chala chimodzi, ananunkhiza chalacho, anapukutira pa diresi. Basi, tsiku limenelo zinathera pomwepo. Mayi ake anathawira kubafa kukavina kuti mwana asawaone.

Lero Tadala amadya nthochi. Amadya dzira lowiritsa, loyera lokha, chapakati amandipatsa ine. Phala la nsinjiro amamaliza. Kusikelo anesi akumwetulira. Ndipo Lachitatu lapitali, tikudya, anatambasula dzanja yekha, anatola usipa m'mbale mwanga, anaudula mutu, anatafuna. Atameza anandiyang'ana m'maso, iye amene sayang'ana anthu m'maso, anati, "Wina." Wina! Mwana amene ankati ndinagulitsa nzeru zake akupempha usipa wina! Aleluya!

Tsono ndisakunamizeni pa guwa la Mulungu. Sindinabwere kudzanena kuti mwana wachira, wafanana ndi anzake. Sanafanane nawo, ndipo mwina sadzafanana nawo. Mawu ake akadali owerengeka. Amalume aja mpaka lero sandiyankha moni. Apongozi aakazi mwezi watha anatumiza thumba la mbatata popanda uthenga uliwonse, ife tinalandira, tinawotcha. Ena kumsika akunenabe, ndipo anene. Umboni wanga ndi woti mwana wanga ali moyo, banja langa lilipo, ndipo ine ndasiya kubisala.

Choncho ndikuuzeni lero, mpingo wonse ukumva. Mukandiitana kwanu ndibwera. Mukandipatsa therere ndikana, ndipo sindinenanso kuti ndadya kale. Ndidzati zikomo, sindidya. Mukaona mwana wanga ku sande sukulu akudya buledi wake wouma pamene anzake akudya mpunga, musiyeni, akudya. Sindimuchotsa mumpingo muno. Anadalitsidwa pa guwa lomweli ali wakhanda, malo ake ndi muno. Ndipo mayi iwe, bambo iwe, amene uli ndi mwana wotere ndipo wamusiya kunyumba lero utamukhomera chitseko poopa pakamwa pa anthu, sabata yamawa ubwere naye. Adzakhale pa benchi yathu. Onena adzatinenere limodzi.

Ndikuthokoza Yesu amene anandiimiritsa pansi pa mango uja. Ndikuthokoza mkazi wanga, mayi a Tadala, ali apo pafupi ndi khomo, mwana ali pamiyendo. Imikani dzanja akuoneni. Ndi amenewo.

Tsopano ndikufuna musangalale nane, koma ndipemphe chinthu chimodzi. Phokoso ladzidzidzi limamupweteka m'makutu mwana wanga. Anyamata a ng'oma, gwirani kaye timitengo. Azimayi, nthungululu musunge, mukandiimbire panja tikaweruka. Amene mukukondwera nane, imirirani, kwezani manja m'mwamba, muwagwedeze mwakachetechete. Choncho. Onse, mpaka kumbuyoko. Mayi a Tadala, mutembenuzeni aone.

Ameni.