Mfumu ya ku Ethiopia ndi Thumba la Shuga

Mvula inayamba mwadzidzidzi pa siteji ya minibasi zopita ku Mwami, m'tauni ya Chipata. Mayi wina wovala chitenje cha Akatolika atatambasula ambulera yake, bambo wachisoti cha Chisilamu, yemwe anakumbatira thumba la shuga, anasendera pafupi.

"Mayi, inu Akhristu mumadziwa kusunga alendo. Asilamu oyambirira atazunzidwa ku Maka, ena anathawira kwa mfumu yachikhristu ku Ethiopia, ndipo inawalandira bwino."

"Bambo, mukulalikira kapena mukufuna ambulera?"

"Ndikungokumbutsa mbiri, mayi. Chipembedzo chathu chinafika kuno ndi amalonda, katundu ali pamutu. Shugayu akanyowa, ntchito ya makolo anga yathera pano."

"Atumwi athu ankayenda wapansi, ankamenyedwa, ngalawa zinkawaswekera panyanja. Paulo sanapemphepo ambulera kwa munthu."

"Paulo analibe shuga."

"Nanga alendo anuwo anakhalako nthawi yaitali bwanji kwa mfumuyo?"

"Ena zaka zoposa khumi."

"Zaka khumi? Ine ndikulekezerani pa minibasi yoyamba. Lowani, koma ambulera mugwire ndinu. Munaionapo kuti mfumu ikudzigwirira yokha ambulera?"