Khosi Logwedeza Lokha

Bambo wina ankayembekezera opaleshoni ya khosi mawa lake, yochotsa kamtsamiro kotha ka pakati pa mafupa n'kuikapo kachitsulo. Ndiye mkazi wake, mayi woti akafuna chinthu simungamubweze, anamusiya pabenchi n'kulowa yekha kwa dokotala, munthu amene nthabwala zinam'dutsa patali.

"Adokotala, kachitsulo kanuko mukaika pati?"

"Pakatikati, mayi." Dokotala ananyamula khosi lapulasitiki patebulo n'kuloza ndi cholembera. "Apa. Timaunika ndi ekisire, n'kuika, n'kuunikanso."

"Akachira azigwedeza mutu?"

"Kwambiri."

"Nanga kupukusa?"

"Nakonso."

"Iyayi, kumeneko musaikeko."

"Kuti?"

"Kupukusako. Ikani kugwedeza kokha."

Dokotala anatola kachitsulo kachitsanzo patebulo n'kukatembenuza uku ndi uku, akufunafuna ndi mtima wonse. "Kalibe batani, mayi."

"Tamverani," mayi uja anakokera mpando pafupi. "Bambo akunyumbawa salankhula. Kukana kwawo konse n'kwa mutu. Chiyambire khosi kupweteka, sanapukusepo. Makatani ndasintha, galu wawo akugona panja, ndipo amayi anga akubwera kudzakhala nafe. Mukufuna mundipasulire zonsezi?"

"Ine ndikufuna dzanja lawo lisiye kuchita dzanzi."

"Dzanjalo lichire, n'lomwe amatsukira mbale. Koma kachitsuloko kasendezeni pang'ono. Kachikhadabo basi."

Dokotala anachiyang'anitsitsa chikhadabo cha mayiyo. "N'chachitali chimenecho. Pamenepo tafika kale pamtsempha."

"Ndiwenga!"

"Ngakhale muwenge. Kakapita kutsogolo, kakhoza kutuluka. Kakapita kumbuyo, kapana mtsempha waukulu wa msana, zoopsa zedi. Kakapita kumbali..."

"Eya, kumbaliko! Mwayamba kumva tsopano."

"Ululu ukhoza kubwerera, mutu n'kupendekeka."

"Chipewa chibisa."

"Chipewa chimabisa dazi, mayi. Munthu akhoza kumangoyang'ana mbali imodzi."

"Aziyang'ana, maso ndi awo." Mayi anatola chikwama chake ngati wapambana, koma atafika pachitseko anaima. "Mbali iti?"

"Zitengera komwe kasendera. Tinene kumanja."

Haa, nkhope ya mayi inagwa pompo. Pakhonde pomwe bamboyo amakhala madzulo, kumanja kuli mpanda waufupi, ndipo kuseri kwake kumakhala mayi wina wosakwatiwa amene amayanika zovala akuimba, tsiku lililonse ngati alibe ntchito ina.

"Nanga kumanzere?" anafunsa ndi mawu ochepa.

"N'chimodzimodzi."

Kumanzere ndiye kunali saluni ya atsikana ovala tothina.

Mayi anabwerera, chikwama phii patebulo. "Pakatikati, adokotala! Mwamva? Musaphonye ngakhale tsitsi limodzi! Ekisire yanuyo ikugwira bwino? Magalasiwo mwapukuta? Lero mukagone msanga!"

"Ndi zomwe ndanena poyamba, mayi."

"Munanena mofooka. Azipukusa mmene angafunire, bola nkhope iloze kutsogolo, komwe ndimakhala ine."

"Ilozadi kutsogolo," anatero dokotala, akubweza khosi lapulasitiki pamalo pake mosamala. "Ndipo kachitsuloko kakakhala pakatikati, azicheukira kumanja ndi kumanzere bwinobwino, popanda ululu."

Mayi anayang'ana kuchitseko komwe mwamuna wake anakhala phee pabenchi, wosalakwa ngati khanda. Kenako anatulutsa foni.

"Halo, amayi? Za mwezi wamawa zija zasintha, mubwere mawa lomweli. Inu muzikhala kumanja, ine kumanzere. Tione komwe acheukire."