Juzi Yobiriwira Imene Inabweza Mwana Wanga

Amene anandibweretsera nkhaniyi ndi a Nasibeko, aja ogulitsa manachesi. Ndayamba ndi dzina lawo dala, chifukwa akanakhala munthu woona n'kukhala chete, lero sindikanalemba umboni uno.

Moni nonse m'dzina la Ambuye, abale ndi alongo. Ine ndine mayi a Tiyamike, wa kuno ku Thambani. Sukulu sindinapite nayo patali, ndiye mukaona mawu okhota mundikhululukire. Koma zimene Mulungu wandichitira sindingazitsekere m'mimba ayi.

Tiyamike ndi mwana wanga woyamba. Atamaliza Sitandade 8 anangokhala pakhomo, chifukwa bambo ake anavulala msana pokankha njinga ya makala, mpaka lero sagwira ntchito yolemetsa. Ndiye kunabwera mayi wina, wa kwathu konkuno koma anakwatiwa ku Moatize, ku Mozambiki. Kumeneko ali ndi shopu ya zovala zatsopano, ndipo anthu amangomutcha Dona. Anati akufuna atsikana awiri omuthandiza, azidzawalipira mwezi ndi mwezi. Anasankha Tiyamike ndi mtsikana wina wamasiye wa ku Nthache, dzina lake Lusiya. Tinathokoza. Abale, tinagwada n'kuthokoza.

Nthawi imeneyo kunali kutayamba kuzizira. Ndinati mwana wanga sangapite kwa eni ali wosafunda. Tinali ndi kambuzi kamodzi, komaliza m'khola. Ndinakagulitsa. Ndalama ina inapita ku mankhwala a bambo ake, yotsalayo ndinati ya chovala. Tsiku la msika tinapita atatu, ine, Tiyamike ndi a Nasibeko.

Mukuudziwa msika wathu. Mbali ina amapachika zatsopano za m'mapepala, zonyezimira, zotchipa. Mbali ina amayala kaunjika pansi. Tsiku limenelo wa kaunjika anali atangotsegula belo la majuzi, ndipo maso anga anagwera pa juzi yobiriwira, yolemera, ya ulusi wokhuthala. Mtengo wake unkadya ndalama yonse.

Tiyamike anandikoka chitenje. "Amayi, ndalama imeneyi titha kugula madiresi angapo, masiketi, ndi kajuzi kapinki kaja. Inu mukufuna chinthu chimodzi basi, chooneka ngati cha alonda a ku malire?"

Ndinatenga kajuzi kapinkiko n'kukakweza padzuwa. Ndinati, "Suzumira apa. Ukuona chiyani?"

"Ndikuona dzuwa."

"Podutsa dzuwa, mphepo idutsanso."

Ndinakweza yobiriwira ija. Mdima bii. Ndinaitembenuza, kukoka msoko, sunalire n'komwe. A Nasibeko anaisenza m'manja n'kunena kuti, "Iyi si juzi, ndi bulangete lokhala ndi mikono." Ndinaigula. Mwana anabwerera kunyumba milomo ili ndwii. Bambo ake ataiona anaseka mpaka kugwira msana. "Ndiye mbuzi yanga ija ndi imeneyi? Ikakhala ndi bere mundiuze!"

Anapita Tiyamike. Mwezi unatha, wina unatha. Foni yake osagwira. Kenako kunayamba kubwera timapukusi kudzera kwa anthu a maulendo. Kutsegula, madiresi. Kutsegula china, mabulauzi a maluwa, ndi kajuzi kapinki konga kaja kapamsika. Amayi anzanga a kumpingo ankagwira n'kumati, "Mayi a Tiyamike, mwabala inu!" Ndinkasangalala, ndinamirenji. Mwana akuvala, akutiveka.

Koma tsiku limene ndinazichapa ku mjigo, madzi anafiira ngati ndaphera nkhuku m'beseni. Diresi lina linauma litafupika. Lina zipi inangotsala m'manja. Kajuzi kaja ndinakavala popita ku mapemphero a amayi tsiku la chiperoni, ndipo ndinafika mano akugundana, mikono itatalika ngati ya munthu wina. Mumtima munayamba kundiuza kuti, mwana wodziwa kuti bambo ake akudwala, bwanji akutumiza nsalu zokhazokha?

Chaka chinazungulira, manachesi anapsanso. A Nasibeko anakwera nawo lole ya anzawo kukagulitsa ku Moatize. Pobwera sanafikire kwawo. Anafika pakhomo panga dengu lili m'manja, n'kukhala pansi osadikira mphasa.

"Mayi a Tiyamike, ndaiona juzi ija."

Ndinati, "Juzi yokha?"

"Ndinayamba kuona juziyo. Mwanayo sindikanamuzindikira. Watha."

Abale ndi alongo, anamupeza m'mamawa akusesa pakhomo pa shopu. Analankhulana mwachangu, maso ali kuchitseko. Chipitireni mwana wanga anali asanagwirepo ndalama ngakhale imodzi. Mwezi ukatha Dona ankatenga madiresi amene akanika kugulidwa n'kuwaponyera atsikanawo, amvekere, "Malipiro anu ndi awa. Kwanu munavalapo zotere?" Foni anawalanda, akuti akuwasungira. Madzulo geti ankakhoma. Ndipo anawauza kuti amene adzathawe, adzamunenera kupolisi kuti waba katundu wa m'shopu, umboni wake ndi chikwama chodzadza madiresicho. Mwamva? Malipiro omwewo ndiwo anali chingwe chowamangira.

Ndinafunsa a Nasibeko kuti bwanji simunamutenge. Anagwetsa misozi. "Anzanga, ndinakwera lole ya eni, ndalama ya manachesi inali isanatuluke. Ndiponso mayi uja amadziwana ndi akuluakulu a pamsika. Akanandiona ndi mwanayo, inenso sindikanabwerako." Sindinawade. Ananena zoona.

Apa m'pamene ndinadziwa kuti munthu atha kukhala m'ndende ali pakhomo pake. Njira ya ku Moatize sindiidziwa. Chipwitikizi sindimva. M'khola munalibe kanthu. Bambo ake sangakhale pa galimoto. Ndinapita kwa achibale a Dona, anati, "Mwana wanu akudya, akuvala, mukufunanso chiyani?" Ndinapita kwa akulu a mpingo, anandipempherera ndi mtima wonse n'kulonjeza kuti afunsafunsa. Ndinayenda mpaka ku malire, n'kuima pafupi ndi osintha ndalama aja, kumangoyang'ana malole akuwoloka. Lole iliyonse ikudutsa, ine ndekha ndiye wosadutsa. Mnyamata wina anandifunsa, "Amayi, metikashi kapena kwacha?" Ndinati, "Mwana wanga." Anandiyang'ana ngati wamisala.

Kunyumba madiresi aja anali pachingwe m'chipinda. Ndikalowa, ndiwaone. Ndikatuluka, ndiwaone. Lililonse linali mwezi wa mwana wanga. Mwezi wosuluka, mwezi wong'ambika m'khwapa. Ndinasiya kuwavala. Kumpingo ndinkangotsegula pakamwa, nyimbo osatuluka. Pemphero langa linatsala limodzi lokha: Ambuye, khomo lili kuti? Ambuye, khomo lili kuti?

Tsiku lina masana ndikusenda chinangwa pakhonde, bambo a Tiyamike ali gone pamphasa kuwotha dzuwa. Sanali munthu wosekanso. Anangoti, "Tikanakhala ndi mbuzi ija, bwenzi titagulitsa n'kumutumizira yokwerera."

Ndinati, "Mbuziyo palibe."

Iwo anati, mowawidwa mtima, "Ilipo. Ikudya msipu ku Moatize, pamsana pa mwana."

Mpeni unagwa m'manja mwanga. Abale, iwo ankadandaula, koma ine ndinamva ngati wina wandigwira paphewa. Mbuzi ilipo! Mwana ali nayo pathupi! Si ya Dona, sinachoke m'shopu mwake, palibe wapolisi angati waba. Ndinathamanga kwa a Nasibeko chinangwa chili pamtunda. Anali akulongedza ulendo womaliza, manachesi anali akutha m'mitengo. Ndinati, "Musamutenge, musamupatse kanthu, musaime naye nthawi yaitali. Mungomuuza kuti amayi ako akuti: mbuzi ija igulitse. Za Dona usiye zonse pamphasa."

Anapita, anabwera. Anati uthenga wafika, mwanayo anangogwedeza mutu tsache lili m'manja. Ndiye kudikira. Kudikira kumeneko sindingakufotokoze. Ndikamva njinga ya kabaza ikuima kumsewu, ndituluke. Si iye. Mphepo ikawomba ndinkati, ndamuuza mwana avule chofunda chake chokhacho m'nyengo yozizira, nanga zikakanika? Ndiye kuti ndamusiya wopanda njira, wopandanso juzi.

Linali Lachiwiri, kukuwaza kamvula ka chiperoni, ndikuchokera kudimba. Ndinaona munthu ataima pansi pa mtengo wa manachesi wa pakhomo pathu, wavala diresi lakale limene anachoka nalo, manja wapinda pachifuwa, akunjenjemera. Ndinaponya khasu. Sindikumbuka zimene ndinanena. Anansi akuti ndinkangokuwa kuti, "Yesu! Yesu! Yesu!" Bambo ake, amene amadzuka mogwira khoma, tsiku limenelo anafika pabwalo opanda ndodo.

Atafunda bulangete n'kumwa tiyi, anatifotokozera. Uthenga usanafike, iye anali atayesapo kale kugulitsa madiresi mobisa akatumidwa kukagula buledi. Amayi a pamsika ankangowagwira ndi zala ziwiri n'kuwabweza. Wina anati, "Izi n'zokolopera." Chikwama chodzadza, koma chopanda wochifuna.

Tsiku limene anavula juzi, anaipititsa kwa mayi wina wa Chinyungwe wogulitsa nsomba zouma, amene amakwera pamwamba pa lole m'mamawa. Tiyamike akuti, "Amayi, ndinatsala pang'ono kuseka. Anaikweza padzuwa ngati inu. Anaitembenuza, anakoka msoko ngati inu. Kenako anandiyang'ana nkhope n'kufunsa kuti, 'Mwanawe, ukugulitsiranji chinthu chotere kukuzizira chonchi?' Ndinati ndikufuna kupita kwa amayi anga." Mayiyo sanatsitse mtengo. Anamupatsa ndalama yokwanira minibasi mpaka ku Zobue, pamalire, anamugwira dzanja kukamukweza yekha, n'kumuuza kondakitala kuti uyu ndi mwana wanga. Dzina lake sitikulidziwa. Mulungu akumudziwa. Kulikonse kumene ali, afunde bwino.

Madiresi onse a Dona, Tiyamike anawapinda n'kuwasiya pamphasa m'mawa umenewo, kuti pasapezeke ponamizira. Kuchokera ku Zobue anayenda wapansi ndi amayi obwera kuchigayo, njira zathu zomwezi.

Lero Tiyamike ali pakhomo. Thupi labwerera. Akuthandiza a Nasibeko pa geni, ndipo tsiku la msika amakhala pa kaunjika kuthandiza kusankha. Mukamuona akukweza juzi padzuwa pamaso pa kasitomala, musamuseke. Tsiku lina ndinamumva akuuza mtsikana mnzake kuti, "Ngati ndalama yako ndi yochepa, usagule zambiri. Gula chimodzi choti ukadzachivula, wina adzachifune." Ndinalowa m'nyumba kukalira. Si olemera ife. Msana wa bambo ake sunapole, khola likadali lopanda kanthu. Madiresi aja anali pachingwe ndinawang'amba, ndimamangira tomato kudimba. Pamenepo pokha ndiye agwira ntchito.

Sindikunyoza ogula zotchipa, abale. Tonse timagula zimene thumba lalola, ndipo pa tsiku la chikondwerero mwana amafuna kuwala. Ndikungochitira umboni kuti Mulungu anabisa khomo la mwana wanga m'chovala chimodzi chimene iye ankachita nacho manyazi. Ndikuthokoza Ambuye. Ndikuthokoza a Nasibeko. Ndikuthokoza amayi a kumpingo amene sanatope kubwera kudzagwada nane.

Koma chimwemwe changa chili ndi bala. Lusiya anatsala. Yokwerera inali ya munthu mmodzi, ndipo iye popita analibe womugulira kanthu, zonse zimene ali nazo ndi za m'shopu. M'mawa uja ndi iye anatenga tsache n'kumasesa mbali ya Tiyamike kuti Dona achedwe kuzindikira. Mwana wanga akamadya amaima pakati, amvekere, "Kaya Lusiya wadya." Akulu a mpingo anakanena nkhaniyi kwa oyenera, ndipo tikudikira yankho.

Ife sitinakhale manja lende. Ine ndi Tiyamike tinagwira ganyu mpaka tapeza juzi ina, yabulauni, yolemera kuposa ija. Tinaikweza padzuwa tonse awiri. Ili m'thumba pansi pa bedi, ikudikira manachesi apse kuti a Nasibeko akwerenso lole.

Choncho mukamagwada, abale ndi alongo, mutikumbukire banja lathu. Mukumbukire msana wa bambo a Tiyamike. Mukumbukire ulendo wa a Nasibeko. Ndipo mumutchule dzina Lusiya, kuti juziyo ikamupeze akadali pakhomo paja ndi tsache. Ameni.