Kalaliki Wathu ndi Nyimbo Yopanda Ng'oma

Mayi mphunzitsi wamkulu, a wapampando a komiti ya makolo, a Shehe amene mwaperekeza banjali, mayi Zuhura pamodzi ndi ana ndi zidzukulu, aphunzitsi anzanga, ophika athu, alonda athu, ndi inu eni tsikuli, bambo Amadu Yasini, kalaliki wa sukulu ino kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ndakuonani nonse. Zikomo.

Kwa alendo amene simundidziwa, ndine Falesi. Ndimaphunzitsa jogalafe. Musunge mawu amenewo, jogalafe, chifukwa andichititsa manyazi pasanathe mphindi khumi.

Sabata yatha ndinalemba mawu abwinobwino oti ndiwerenge lero. Masamba atatu. Lachiwiri ndinawang'amba. Mumva chifukwa chake.

Tiyambe ndi zakale. Ine kunalibe mu 1994, koma alonda athu saiwala kanthu. Akuti sabata yoyamba a Yasini anapatsidwa makina aja opukusa ndi dzanja kuti asindikize mayeso a Fomu 2. Anathira inki botolo lonse. Napukusa ndi mphamvu zonse za unyamata. Analowa mu ofesi atavala shati yoyera, anatuluka maso okha ndiwo akuoneka. Mayeso analembedwa pa bolodi chaka chimenecho. Mphunzitsi wamkulu wa nthawiyo anati, "Uyu satha mwezi." Iwowo anachoka. Anabwera ena asanu, anachokanso. Makinawo anafa. A Yasini ndi awa akhala apawa.

Nanga za wotchi? Ndani sadziwa? Tsiku lina kunabwera alendo akuluakulu, mmodzi nalankhula pa asembule mpaka ana kuyamba kukhala pansi. Nthawi itakwana, a Yasini anapita pa chitsulo chathu chija, nachimenya. Mlendo ali pakati pa chiganizo! Atafunsidwa anati, "Ine ndinauzidwa kuti belu ndi hafu seveni. Za alendo sindinauzidwe."

Ndiye pali funso lawo lija. Ubwere ndi kalata ya maliro, ya ukwati, yodandaula, ngakhale yotukwana, iwo sakweza nsidze. Amangoti chiyani? Eya, nonse mukudziwa. "Makope angati?"

Tsopano ndifike pamene pandiumitsa pakamwa.

Alendo, pa sukulu ino tili ndi matenda. Dzina lake Matalala. Ndi gulu la anyamata asanu a ku Dedza boma, oimba roko, magitala olira ngati macheka a pa shedi ya matabwa. Ndikuti anyamata, koma ena imvi zayamba. Amaimba Loweruka limodzi pa mwezi, kuyamba folo koloko madzulo, pena kuno ku Mayani, pena ku Bembeke, pena ku boma. Ndipo Lolemba lililonse lotsatira, kuyambira 2011, tiyi wa m'chipinda cha aphunzitsi amazizira m'makapu ife tikukangana.

A Zefaniya, a masamu, akhala uko akuyang'ana kudenga, amati dansi yoposa zonse inali ya ku Bembeke mu 2016, mvula itazimitsa jenereta anthu n'kumaliza nyimbo ndi pakamwa. Bodza. Yoposa zonse inali ya kuno mu 2019, pamene anatsegula ndi "Basi Yandisiya" malata a holo n'kumanjenjemera. Ndinalipo, nsapato imodzi ndinaisiya komweko. A Zefaniya amati "Kachewere Wapsa" ndi nyimbo yotsekera. Ine ndimati yotsegulira. Pa nkhani imeneyi tinakhala masabata awiri osapatsana moni, choko tikupatsirana kudzera mwa ana.

Koma pa chinthu chimodzi tinali amodzi. "Chifunga."

Nyimbo imeneyi ndi ya mphindi khumi ndi ziwiri. Gitala mmodzi ndi mawu basi. Ng'oma palibe. Taganizani, dansi yafika pokoma, fumbi lili koboo, thukuta lili kamukamu, kenaka woimba ng'oma, Mustafa, akuika timitengo take pansi n'kuzimiririka kuseri. Ife n'kutsala chiimire ngati tili pa mzere wa chigayo. Ndipo chinkatipweteka kwambiri n'chakuti nyimboyi inalibe malo. Mu Juni imabwera nambala 8. Mu Okutobala nambala 11. Mu Januwale nambala 14. A Zefaniya anafika pojambula galafu pa bolodi. Inakwera, inatsika, inakweranso. Anati ndi masamu opanda mutu.

Aliyense anali ndi yankho lake. Ena ankati jenereta imafuna kupuma. Ena ankati Mustafa amakasuta. Ena, Mulungu atikhululukire, ankati kuseriko kumakhala kamkazi. Ine langa linali limodzi, ndipo ndinkalinena mokweza: "Amene amasanja nyimbo za Matalala ndi gonthi. Sanavinepo chibadwire. Akanakhala mwana wa m'kalasi mwanga ndikanamubweza Fomu 1." Lolemba lililonse. Zaka khumi ndi zinayi.

A Yasini amakhala pakona paja, akutakasa tiyi. Tikawafunsa maganizo awo ankati, "Ine za magitala sindizidziwa." Funso lawo linali limodzi lokha: "Kodi 'Chifunga' inayamba nthawi yanji?" A Zefaniya n'kuyankha, "Faifi twente." Iwo n'kugwedeza mutu, n'kupitiriza tiyi. Ife tinkati ndi matenda awo a wotchi aja.

Mwezi watha ndinati zakwana. Ndinalemba kalata kwa Limbani, mtsogoleri wa gululo. Ndinati tatopa. Ng'oma zisaleke kuyambira poyamba mpaka pomaliza, apo ayi sitidzabweranso. Mawu oti gonthi ndinawaikamo kawiri. Ndinayenda pa msika, m'magolosale, kwa a kabaza, mpaka mayina anakwana 214. Ndipo mukudziwa amene ndinamupatsa kuti atayipe?

Anawerenga yonse. Mpaka pansi. Anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. Nati, "Makope angati?"

Limbani anayankha kuti wamva. Kuyambira dansi ya mawa, Loweruka, kuno ku Mayani, "Chifunga" yachotsedwa. Tinasangalala. Ndinagulira a Zefaniya mandasi.

Lachiwiri lapitali mayi mphunzitsi wamkulu anandipempha kuti ndithandize kukonza kabati ya mu ofesi, kuti kalaliki watsopano apeze malo. Pamwamba penipeni panali katoni. Ndinaikoka, inandiphulika m'manja. Makope a ana asukulu, akale, oposa makumi awiri. Ndinati ndi malejisitala. Ndinatsegula limodzi.

Dzanja la a Yasini. Lija loongoka ngati lajambulidwa ndi lula. Pamwamba: "Matalala, Bembeke, 2016." Pansi pake nyimbo zonse, nambala 1 mpaka 18, iliyonse ndi mphindi zake. Ndinati, kani bambowa amatsatira mobisa! Ndinaseka. Kenaka ndinaona deti limene analemba. Linali la Lachinayi. Dansi isanachitike.

Abale, ndinakhala pansi pa simenti. Sindinafune mpando. Ndinatsegula lina, chimodzimodzi. Lina, chimodzimodzi. Ya kuno ya 2019, ija ndimaitama ine, ija ya nsapato yanga, inali m'menemo, yosanjidwa ndi dzanja lomwelo. Gonthi uja ndinkamutukwana zaka khumi ndi zinayi, ndi amene ankandipatsira shuga.

Ndipo pa tsamba lililonse, pambali pa "Chifunga," panali nthawi yolembedwa ndi inki yofiira. Juni, 5:19. Januwale, 6:17. Ndinayang'ana manambalawo, mutu unaima. Ndimawadziwa. Ndimawaphunzitsa chaka ndi chaka ku Fomu 1. Ndi nthawi yolowa dzuwa! Galafu ya a Zefaniya ija, yokwera ndi kutsika, ili m'buku langa lomwe, tsamba limene ndimakalipira ana akalephera. Mphunzitsi wa jogalafe, zaka khumi ndi zinayi, osatukula maso kuona kuti kunja kukuda!

A Yasini ndinawapeza kuseri kwa ofesi akutsuka kapu. Ndinangowaonetsa kope. Iwo anati, "Aa, mwazipeza. Ndimati ndizitenga Lachisanu."

Ndinati, "Bambo Yasini, n'chiyani ichi?"

Anati, "Mustafa ndi mwana wa mlongo wanga. Ine ndine malume ake."

Zotsalazo anandiuza pang'onopang'ono, ndipo ndinawapempha chilolezo kuti ndizinene pano. Iwo anakana. Mayi Zuhura ndiwo anati, "Auzeni ndithu. Ndatopa kumva za tiyi wanu wa Lolemba." Mustafa naye wavomera. Ndi uyo waima pakhomoyo, wavala chipewa. Eya, yemweyo. Tsekani pakamwa, a Zefaniya.

Mustafa atayamba ng'oma, banja linakana. Mayi ake analira, anati mwana wataika, aiwala swala, mapemphero a Chisilamu aja, aiwala Mulungu. Nkhani inafika kwa malume, poti mwana wa mlongo ndi wako. A Yasini anati, "Msiyeni aimbe. Ine ndikulonjeza kuti swala ya magharibi, ya polowa dzuwa, sadzaiphonya ngakhale tsiku limodzi. Akadzaiphonya, timitengo ndidzamulanda ndine." Ndiye anakhala pansi ndi Limbani. Dansi siingaime zii, anthu amabalalika. Anapeka nyimbo yosafuna ng'oma, yotalika mokwanira kuti munthu asambe m'manja ndi kumaso, ayale mkeka kuseri, apemphere, abwerere. Ndipo mwezi uliwonse a Yasini ankatenga kalendala ya ku mzikiti, n'kuwerengera mphindi za nyimbo iliyonse, kuti "Chifunga" igwe pamene dzuwa likugwa. Mayi ake a Mustafa anamwalira mu 2020. Lonjezo silinamwalire.

Ndinafunsa, "Nanga bwanji simunanene? Liwu limodzi lokha!" Anati, "Swala ya munthu si yokambirana pa tiyi."

Ndinati, "Nanga kalata yanga ija, munaitayipiranji?" Anati, "Ntchito yanga ndi kutayipa, mayi. Munalemba zimene munkaona."

Ndinati, "Ndiye mawa zikhala bwanji?" Anayang'ana m'kapu. Anati, "Mustafa wanena kale. Dzuwa likalowa aika timitengo pansi, ndipo sadzatitolanso."

Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Wanga ndaupeza, wandidikira m'katoni. Sindinagone. Lachitatu ndinakwera njinga yamoto mpaka ku boma kwa Limbani. Ndinati ndabweza kalata. Anati, "Mayi, kalata ija si yanu nokha. Ili ndi mayina 214. Mukafuna nyimbo ibwerere, mundibweretsere oposa pamenepo lisanafike Loweruka." Ndazunguliranso msika wonse, uku ndikupepesa. Chifukwa chenicheni sindikanachinena, chilolezo ndinali ndisanachipeze. Ena anandiseka. Ena anati ndapenga. Ndafika pa 188.

Pepala ndi ili. Ndalemba ndi dzanja langa, sindinayerekeze kukatayipitsa. Ambiri a inu munasaina yoyamba ija, ndikukudziwani mayina. Sindikukakamiza munthu. Liyambire kuno kwa ophika, lizungulire. Ine ndipitirize.

Bambo Yasini, tsopano ndilankhule ndi inu. Zaka makumi atatu ndi chimodzi palibe mwana analephera kulemba mayeso chifukwa dzina lake lasowa pa mndandanda. Mwana wina wa ku Mphunzi satifiketi yake itapsa m'nyumba, munakhala masiku atatu m'mafaelo a fumbi mpaka munapeza nambala yake. Lero ndi namwino. Ine nditafedwa mwamuna wanga, makalata onse munayendetsa ndinu, ine ndisakudziwa ngakhale tsiku la sabata. Simunanenepo. Inu simunena. Ndicho chimene chandiopsa sabata ino, kuti kodi ndi zingati zina zimene mwatichitira ife tili kalikiliki kulongolola.

Ndinakutchulani gonthi. Pamaso pa akazi anu, pa a Shehe, pa ana anu, ndikuti pepani. Gonthi ndinali ine. Wakhungu ndinalinso ine. Mundikhululukire.

Mukuti chiyani? Akuti, "Makope angati?" Limodzi lokha, bambo, koma lochokera pansi pa mtima. Taonani, mwandiliritsa pa anthu.

Pepala lafika pati? Kwa a Zefaniya. Mwasaina? Werengani ndinu, ndinu a masamu. Mokweza. Bwerezani! 231! Mustafa, wamva? Tenga pepalalo, upite nalo wekha kwa Limbani. Timitengo usatitaye. Mawa "Chifunga" ikayamba, aliyense wa pa sukulu ino amene adzadandaule adzaonana ndi ine.

Bambo Yasini, pitani mukapume. Mukalime kachewere wanu, mukasewere ndi zidzukulu, belu alize ena. Mulungu akupatseni masiku ambiri ndi thanzi, inu ndi mayi Zuhura. Koma ntchito ya Lachinayi ija sitinakupumitseni.

Ndinali ndi zina zoti ndinene. Koma ndaona mwayang'ana wotchi kawiri, ndipo a Shehe asuzumira pa windo. Lero nane ndatukula maso. Dzuwa lakhudza phiri. Zaka khumi ndi zinayi ndalankhula nthawi yolakwika, lero ndisiya nthawi yake.

Tonse tiimirire. Tiwaombere m'manja mwamphamvu, koma mwachangu, anthu akapemphere!