Loko wa Khonsolo pa Shopu ya Amama

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndikaimirira kutsogolo kwa anthu mawu amandithawa, choncho ndasankha kulemba kuti muwerenge nokha. Ndikufuna kuchitira umboni zimene Mulungu anatichitira ine ndi amama m'dzinja lapitali, pamene khonsolo inakweza mtengo wa laisensi n'kutseka shopu yathu ndi loko.

Amama, amene ambiri mumawatchula kuti NyaGoma, ndi telala pamsika wa pa boma pano pa Chama. Shopu yawo ndi kachipinda kamodzi. Muli makina osokera amene adada anatisiyira, benchi, ndi chingwe chopachikapo mayunifolomu. Chimwalirireni adada, chakudya chathu, sopo ndi sukulu yanga zimachokera pa makina amenewo. Ndikaweruka ndimapita kukawathandiza kusokerera mabatani.

Shopuyo ili pafupi ndi pamene malole opita ku Lundazi amaima. Mukudziwa mmene lole imavutira nthawi ya mvula. Itha kubwera lero, itha kubwera sabata yamawa, ndipo ikabwera siyidikira munthu. Anthu a ku Tembwe ndi midzi ina amabwera ndi mpunga panjinga, akapeza kuti lole kulibe sangabwerere nawo, ndiponso sangagone pamsika minda ikudikira khasu. Ndiye amasiya masaka awo kwa amama. Amama salipiritsa. Amangotenga kachidutswa ka nsalu kotsala posoka, n'kukang'amba pakati. Mbali imodzi amamanga pakamwa pa saka, inayo amapatsa mwini wake. Wobwera ndi kansalu kofanana ndiye amatenga saka. Zakhala choncho kuyambira ndili mwana, moti sindinkaziona ngati chinthu.

Chakumapeto kwa chaka tinamva kuti zinthu ku khonsolo sizili bwino. Ndalama zimene boma linkatumiza kuchokera ku Lusaka zinali zitachepa, antchito ankatha miyezi osalandira, ndipo kwacha inkangotsika mphamvu. Makhansala anakhala pansi n'kugwirizana zokweza malipiro a malaisensi. Anagawa malonda m'magulu: matelala ndi okonza nsapato gulu lawo, a tiyi gulu lawo, a zigayo, a magolosale, ndipo pamwamba pa onse opikulitsa katundu. Chikalata chake anachimata pabolodi m'Chingerezi, ndipo chinati amene ali ndi dandaulo akalinene. Ndinawawerengera amama. Mtengo wa matelala unali utakwera ndithu, koma amama anati tikasoka mayunifolomu a otsegulira sukulu tikwanitsa. Sitinadandaule.

Chaka chitangoyamba, kunabwera bambo wina woyendera mashopu kuti alembe aliyense m'gulu lake. Anali a Mwansa, mlendo kuno, atangosamutsidwa kuchokera ku tauni. Tsiku limenelo mitsinje inali itadzaza, lole inali isanaoneke kwa nthawi, ndipo masaka m'shopu anali ataunjikana kufika pawindo. Makina ankaoneka kachinthu kakang'ono pakona.

"Manje amai, inu mukuti ndinu telala. Nanga mpunga wonse uyu?"

"Ngwa anthu, bwana. Angosungitsa."

"Eni ake ali kuti?"

"Kuminda. Ali kutsidya kwa madzi."

A Mwansa anaseka pang'ono, osati monyoza, koma ngati munthu wotopa. Anati kumene achokera wamalonda aliyense amanena kuti katundu ngwa mlamu wake. Analemba kuti amama ndi wopikulitsa mpunga, n'kutipatsa masiku oti tilipire.

Mtengo wa gulu limenelo sitikanaupeza ngakhale titagulitsa makina, mbale ndi mabulangete. Amama anapita ku ofesi kangapo. Anauzidwa kuti kusintha gulu n'kwa komiti ya makhansala, ndipo komiti imafuna umboni. Umboni wathu unali anthu amene anatsekeredwa ndi mitsinje. Anauzidwanso kuti masiku akatha shopu idzatsekedwa, ndipo ngati sitilipirabe, zonse za m'katimo zidzagulitsidwa, ndi makina omwe.

Masiku amenewo ndinkalemba m'kabuku kanga pemphero limodzimodzi mobwerezabwereza: Ambuye, musalole kuti makina a adada apite. Mawu ena ndinalibe.

Tsiku lina masana kukugwa mvula, pakhomo panaima mayi wina wovala bwino, atanyowa, ali ndi saka pa wilibala. Anati dzina lake ndi amake Chanda. Amayi ake okalamba ku tauni ankadwala ndipo ankangolakalaka mpunga wa kuno, ndiye ankafuna kuwatumizira. Anthu pamsika anamuuza kuti akasungitse kwa telala. Ine ndinawakoka amama chitenje n'kuwanong'oneza kuti masaka ndi amene atiika m'mavuto. Amama anandiyang'ana, kenako anayang'ana mpunga umene unkanyowa panja.

"Mwana wanga, bweretsa sizasi."

Anadula kansalu kobiriwira ka maluwa oyera, n'kukang'amba pakati. Amake Chanda anamanga mbali yawo pansonga ya chitenje, nathokoza, napita.

Patangopita masiku ochepa, amesenjala a khonsolo anabwera ndi loko. Sanatikalipire. Mmodzi mwa iwo amama anamusokerapo buluku, ndipo sankafuna n'komwe kuwayang'ana kumaso. Anatilola kutenga mayunifolomu a anthu okha. Amama anapempha kuti afunditse makina ndi nsalu kaye kuopa chinyezi, ndipo anawafunditsa bwinobwino ngati mwana wogona.

Nthawi imene inatsatira ndi imene sindifuna kuikumbukira. Makolo anabwera kudzatenga nsalu zawo n'kupita nazo kwa matelala ena, ndipo sitikanawaletsa. Amama ankasoka zigamba ndi singano ya pamanja pakhonde la kunyumba mpaka zala zinatupa. Ine popita kusukulu ndinkazungulira njira ya kuchipatala kuti ndisaone loko uja. Anzanga akandifunsa ndinkangowerama. Amayi a kumpingo ankabwera kudzapemphera nafe, wina ndi ufa pang'ono, wina ndi nkhwani. Koma ndinene zoona, panafika pamene ndinkagwada osadziwa chonena. Ndinkadzifunsa kuti zatheka bwanji kuti chifundo cha amama chikhale mlandu wawo. Amama okha ndi amene ankati, "Mulungu anaona amene anabweretsa masaka aja. Sanali kutsidya kwa madzi Iye."

Loweruka lina m'mawa tinamva hutala kumsika. Mvula inali itadukiza, mitsinje itaphwa, ndipo lole inafika. Mbiri yoti lole ikubwera inali itafika kale kumidzi, moti pamene ine ndi amama tinkafika tinapeza anthu a ku Tembwe ataima pakhomo pa shopu, aliyense kansalu kake m'manja. Za loko sankadziwa chilichonse. Amama anawafotokozera. NyaZimba, mayi wa ku Tembwe wodziwika ndi pakamwa, anagwira loko uja n'kumugwedeza.

"Ndiye kuti mpunga wanga wamangidwa? Walakwa chiyani, waba nkhuku?"

Ena anaseka, koma kuseka kwake kunali kowawa. Woyendetsa lole anati akangomaliza kumwa tiyi akunyamuka.

Nthawi yomweyo anafika amake Chanda akuthamanga. Ataona loko anafunsa kuti watseka ndani. Wina anayankha kuti ndi bwana watsopano uja, a Mwansa. Mayiyo anakhala pansi pakhonde. Anagwira amama dzanja n'kunena motsitsa, koma ine ndinali pafupi ndinamva.

"Amai, a Mwansa ndi amuna anga. Za mpunga uyu sadziwa. Malipiro sanabwere, ndiye ndinadziwa kuti akana kuugula. Ndinagulitsa nsapato zanga n'kuugula ndekha."

Amama anamuuza kuti asadziike m'mavuto a m'banja chifukwa cha ife. Iye anapukusa mutu, nadzuka, nalunjika kunyumba za khonsolo. Ine ndinatseka maso pomwepo pakati pa anthu n'kupemphera. Sindinapemphere zanzeru ayi. Ndinangoti, Ambuye, lole isapite.

Amake Chanda anabwera nawo a Mwansa atavala patapata, makiyi ali m'manja. Zikuoneka kuti mkazi wawo anangowauza kuti anthu akufuna katundu wawo, chifukwa anafika nkhope ili gwa. Anati atsegula kuti aone, koma palibe saka limene lituluke popanda umboni woti ndi la munthu.

NyaZimba ndiye anayamba. Anaonetsa kansalu kofiira ka mizere, nalowa, nafunafuna, napeza saka la kansalu kofiira ka mizere. Analumikiza mbali ziwirizo pamaso pa a Mwansa, ndipo pong'ambika panagwirizana. Wachiwiri anachita chimodzimodzi. Wachitatunso. A Mwansa poyamba ankayang'anitsitsa kansalu kalikonse, kenako anangoima pambali manja ali kumbuyo. Masaka ankatuluka limodzilimodzi kupita palole, kuwala kunayamba kulowa pawindo, ndipo makina anaonekera pakona ali chifundire.

Pamapeto panatsala saka limodzi pakati pa chipinda.

"Manje ili ndiye lanu, amai," anatero a Mwansa kwa amama. Mawu awo anali ngati a munthu amene wapeza pogwira.

Amake Chanda anamasula nsonga ya chitenje pang'onopang'ono, natulutsa kansalu kobiriwira ka maluwa oyera, nakaika m'dzanja la amuna awo.

A Mwansa anayang'ana kansaluko, nayang'ana saka, nayang'ananso mkazi wawo.

"Iwe amake Chanda?"

"Ndi la amayi. Akudwala, mukudziwa."

"Bwana," anatero NyaZimba ali pakhomo, "lembani msanga. Wopikulitsa uja mwamupeza, mumagona naye nyumba imodzi."

Anthu anaseka mpaka woyendetsa lole anabwera kudzaona. Ine ndinaopa kuti bamboyo akwiya ndipo zinthu ziipiratu. Koma anangovula chipewa, nakanda m'mutu. Kenako anawerama, nanyamula saka lija paphewa okha n'kukalikweza palole. Pobwerera malaya awo anali oyera ndi fumbi la mpunga. Anaima pamaso pa amama n'kufunsa kuti amalandira zingati posunga katundu wa anthu. Amama anati salandira kanthu, kungoti wina akakolola nthawi zina amawakumbukira ndi kambale ka mpunga.

"Amai, ndinalemba molakwa," anatero. "Kwathu zotere kulibe. Mundikhululukire."

Ndikanakonda kukuuzani kuti shopu inatsegulidwa tsiku lomwelo, koma sizinatero. A Mwansa anati iwo alibe mphamvu yosintha gulu paokha, ndipo anabwezera loko pachitseko ndi manja awo omwe. Kulira kwa loko ameneyo kachiwiri kunandipweteka kuposa koyamba. Koma analonjeza kuti komiti ikadzakhala adzaimirira okha. Ambiri anatiuza kuti tisadalire, munthu wa ntchito sangadzitsutse pamaso pa mabwana ake, makamaka mlendo amene akufuna kuoneka wolimbika.

Tinadikira. Amake Chanda ankabwera kunyumba masana, nakhala ndi amama pamphasa kuwathandiza kusoka zigamba, ngakhale kuti zimene asokazo amama ankazimasula iwo akapita. Tsiku la komiti litafika, amayi a kumpingo anasala kudya nafe. Khansala wa dera lathu ndi amene anadzatiuza madzulo ake kuti a Mwansa anaimiriradi, nafotokoza zonse, osabisa ngakhale za saka la kunyumba kwawo. Makhansala, amene ambiri ndi ana a m'chigwa muno ndipo anasungitsapo katundu kwa anthu, anavomera kuti amama abwezeredwe m'gulu la matelala. Anagwirizananso kuti woyendera mashopu azifunsa kaye a komiti ya msika asanalembe munthu m'gulu lapamwamba.

Mtengo wa matelala sunatsike. Unali wokwerabe, ndipo nyengo ya mayunifolomu inali itatidutsa. Koma anatilola kulipira pang'onopang'ono, ndipo anthu a ku Tembwe atamva, anayamba kubweretsa zosoketsa zimene mwina sizinkafunika n'komwe kusokedwa. NyaZimba anabweretsa diresi lomwe linalibe vuto lililonse, nati lifupikitsidwe, mwezi wotsatira nati litalikitsidwenso.

M'mawa umene amesenjala anachotsa loko, ndinapempha kuti ndichedweko kusukulu. Amama anavundukula makina, napukuta dzimbiri limene linayamba pambali, nathira mafuta. Anakhala pampando kwa kanthawi manja ali pamiyendo, milomo ikuyenda. Kenako anaponda. Makina anakakamira pang'ono, nayamba kuyenda. Ndinatuluka panja kuti anthu asandione ndikulira, koma phokoso lake linkamveka mpaka pamsewu.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mwana wosadziwa kupemphera. Ndikuthokoza amayi a mpingo uno amene simunatisiye. Ndikupemphanso kuti tizikumbukira m'mapemphero antchito a khonsolo, chifukwa nawonso ali ndi odwala kwawo ndipo malipiro amawachedwera. Inu amene chitseko chanu chili chotseka lero, kaya ndi matenda, kaya ndi ntchito imene yatha, musaleke kugwada ndiponso musaleke kuchitira anthu zabwino chifukwa choopa. Thandizo lathu linalowa m'shopu tsiku la mvula lili lonyowa, ine ndikufuna kuti libwezedwe, ndipo linakhala m'menemo nthawi yonse imene ndinkalira kuti Mulungu sakuyankha. Dzina lake lilemekezeke. Amen.